Mwana wa zaka 8 amene anali ndi mitsempha ya nkhalamba

Mu 1933, pachipatala cha Massachusetts General mumzinda wa Boston ku America, mnyamata wa zaka 8 anamwalira ndi sitiroko. Madokotala atayeza thupi lake anagwira pakamwa: mtsempha wa m'khosi wopititsa magazi ku ubongo unali wouma ndi wothinana ngati wa nkhalamba. Nkhaniyo inalembedwa, kenako n'kuiwalika.

Patadutsa zaka zoposa 30, dokotala wina, Kilmer McCully, anafukula tizidutswa ta mitsempha ija n'kutiunikanso. Anatiyerekeza ndi mitsempha ya khanda la miyezi iwiri, ndipo kuonongeka kwake kunali kofanana. Ana onsewa anabadwa ndi vuto lochititsa kuti homocysteine aunjikane m'magazi. Mu 1969 McCully analemba kuti mwina n'chimenechi chomwe chimadya mitsempha, ngakhale ya akuluakulu. Anzake ambiri sanamumvere, mpaka ntchito inamuthera ku yunivesite ya Harvard.

Homocysteine si poizoni wochokera kunja ayi. Thupi limamupanga lokha pogaya zakudya zomanga thupi, ndipo mavitamini atatu, folate, B12 ndi B6, ndiwo amamusandutsa zinthu zina kuti asachuluke. Mavitaminiwa akaperewera, kapena impso zikafooka, iye amakwera kupyola mlingo wa 15 micromol pa lita. Fodya ndi ukalamba zimamukwezanso. Akachuluka kwambiri amakanda khungu losalala la m'kati mwa mtsempha, ndipo pokandikapo mafuta amakakamira, magazi n'kumaundana mosavuta.

M'zaka za m'ma 1990 maganizo a McCully anabwerera mwamphamvu, poti zinaoneka kuti anthu a homocysteine wokwera ndiwo ankadwala mtima ndi sitiroko kawirikawiri. Anthu anasangalala: kodi kam'bulu kotchipa ka vitamini kangatchinjirize mtima?

Yankho linabwera lowawa. Mu 2006, kafukufuku wa HOPE-2 wa odwala 5,522 anaonetsa kuti mavitamini anatsitsadi homocysteine, koma matenda a mtima sanachepe. Sitiroko yokha ndiyo inatsikako. Wa NORVIT ku Norway sanapeze phindu. Zikuoneka kuti kwa ambiri homocysteine ali ngati utsi, ndipo kukupiza utsi sikuzimitsa moto.

Komabe ine ndimaima nthawi yaitali pa zomwe zinachitika ku China, komwe anthu ambiri magazi awo ali ndi folate wochepa. Mu 2015, mwa anthu 20,702 odwala BP, amene analandira mankhwala a BP a enalapril pamodzi ndi folic acid (mtundu wa folate) anagwidwa sitiroko mocheperapo ndi 21 peresenti poyerekeza ndi omwe anamwa enalapril yekha. Onetsetsani: vitamini anawonjezedwa pa mankhwala a BP, sanalowe m'malo mwake. Zimandiwawa kumva munthu wasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha kabotolo ka mavitamini kodula komwe wamunyengerera nako wamalonda.

Folate tili naye kudimba: bonongwe, nkhwani, khwanya, nyemba, mtedza. Amathawira m'madzi masamba akabwata mpaka kufiira, choncho madzi achepe, moto ufupike, ndipo msuzi usatayidwe. B12 ndiye sapezeka m'masamba. Ali mu usipa, mazira, mkaka ndi chiwindi. Amene akhala akumwa metformin wa shuga kwa zaka zambiri amufunse dokotala za B12, makamaka mapazi akayamba kuchita dzanzi, poti mankhwalawa amatha kumuchepetsa m'thupi.