Kuwedza nsomba ya bass ku damu la Inanda: zoyenera kudziwa msodzi woyamba kumene

Dera la Springfield mumzinda wa Durban lili m'mphepete mwa mtsinje wa uMngeni, pafupi ndi pomwe mtsinjewu umathira m'nyanja ya mchere. Kale kunali madimba a ndiwo zamasamba, koma lero kuli mafakitale, nyumba zosungira katundu ndi masitolo akuluakulu. Mwa Amalawi amene akugwira ntchito mumzinda wa Durban, ena anakulira ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, kumene mwana amadziwa kupalasa bwato asanayambe sukulu. Akaona madzi, mtima wa usodzi umawabwerera. Komatu usodzi wa ku South Africa uli ndi nsomba zake ndi malamulo ake, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Dzina limodzi, nsomba ziwiri

Munthu wofufuza za usodzi wa mbedza pa intaneti amakumana ndi zithunzi za nsomba yaikulu ya mizere m'nthiti yotchedwa striped bass. Kwawo kwa nsombayi ndi kugombe la kum'mawa kwa North America. Imakhala m'nyanja ya mchere koma imakwera mitsinje pokaswana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, madamu amene anamangidwa ku South Carolina anatsekera nsombazi m'nyanja za Marion ndi Moultrie, ndipo zinapitiriza kuswana m'madzi opanda mchere. Kuchokera pamenepo zinayamba kuikidwa m'madamu ena a ku America.

Malangizo owedzera striped bass sangamuthandize msodzi wa ku Springfield. Nsomba imene angaipeze kufupi ndi kwawo ndi ina, yotchedwa largemouth bass. Iyi ndi yobiriwirako, yakukamwa kwakukulu kopitirira diso, ndipo ili ndi mzere umodzi wakuda m'nthiti. Nayonso inachokera ku America. Inafika ku South Africa mu 1928, ndipo inachulukitsidwa pamalo oswetsera nsomba a Jonkershoek pafupi ndi Stellenbosch isanafalitsidwe m'dziko lonse. Ku Malawi imapezekanso m'madamu a pamwamba pa phiri la Zomba.

Malo ndi chiphaso

Malo odziwika kwambiri pa usodzi wa bass kufupi ndi Durban ndi damu la Inanda, lomwe linamalizidwa mu 1989 pa mtsinje womwewo wa uMngeni. Kuchokera ku Springfield ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto kudzera ku Hillcrest. Kumtunda kwa mtsinjewu kuli madamu ena atatu: Nagle, Albert Falls ndi Midmar. Ku Inanda, kuwonjezera pa bass, kuli milamba, makakana ofanana ndi a m'chigwa cha Shire, ndiponso nsomba ya carp.

Chinthu choyamba chimene msodzi ayenera kukhala nacho ndi chiphaso. M'chigawo cha KwaZulu-Natal, chiphaso chowedzera m'mitsinje ndi m'madamu chimaperekedwa ndi bungwe la Ezemvelo KZN Wildlife. Chiphaso chowedzera m'nyanja ya mchere ndi china, ndipo sichigwira ntchito ku damu. Malo ochezera a ku Inanda amayang'aniridwa ndi kampani ya Msinsi, ndipo pachipata pamakhala malipiro olowera. Ndi nzeru kufunsa pomwepo za chiwerengero ndi kukula kwa nsomba zololedwa kupita nazo kunyumba.

Pali chinthu chimodzi chimene chingamugwetse m'mavuto msodzi wochokera ku nyanja ya Malawi. Kwawo, matchera ndi chilimila ndi zida za tsiku ndi tsiku. Ku KwaZulu-Natal, kutchera ukonde m'damu popanda chilolezo chapadera ndi mlandu. Wogwidwa amalandidwa zida, amatha kulipitsidwa chindapusa, ndipo kwa mlendo m'dziko la eni, mlandu wotere ungakhudzenso ntchito yake ndi zikalata zake. Mu 2021 boma la South Africa linavomereza ndondomeko yatsopano ya usodzi wa m'madzi akumtunda, yomwe ikuzindikira asodzi ang'onoang'ono. Ngakhale zili choncho, ndondomekoyo siipatsa munthu aliyense ufulu woponya ukonde pamene wafuna.

Zida zoyambira

Woyamba kumene safunika boti kapena zida zokwera mtengo. Ndodo yowedzera yotalika pafupifupi mamita awiri, chokulungira chingwe, chingwe cha nayiloni chopirira kulemera kwa makilogalamu 5 kapena 6, mbedza zingapo ndi timiyala ta mtovu tomizira nyambo, ndi zokwanira kuwedzera ali pamtunda.

Bass ndi mlenje. Imadya tinsomba ting'onoting'ono, achule, nkhanu ndi tizilombo ta m'madzi, ndipo imakopeka ndi chinthu choyenda. N'chifukwa chake asodzi ambiri amagwiritsa ntchito nyambo zopanga: nyongolotsi za pulasitiki yofewa, tinsomba ta pulasitiki, kapena kachitsulo konyezimira kozungulira m'madzi. Yosavuta kwa woyamba ndi nyongolotsi ya pulasitiki. Nsonga ya mbedza imabisidwa m'thupi la nyongolotsiyo kuti isakole m'udzu. Msodzi amaponya, amadikira kuti nyambo ifike pansi, kenako amaikoka pang'onopang'ono akuimitsaimitsa. Akamva kugogoda kapena akaona chingwe chikuyenda cham'mbali, amakoka ndodo mwamphamvu kamodzi kuti mbedza ilowe.

Usipa ndi utaka zimayenda m'magulu pakati pa nyanja. Bass yaikulu imakonda kubisala ndi kudikira: m'mitengo yomira, m'miyala, m'mphepete mwa bango ndi pansi pa namasupuni. Kuponya pamadzi oyera opanda chobisalamo n'kutaya nthawi. M'mamawa ndi madzulo nsombayi imayandikira kugombe, koma dzuwa likakwera imatsikira kozama kapena kumthunzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: msodzi woyenda mwakachetechete m'mbali mwa madzi amapha zambiri kuposa waphokoso.

Kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, madzi akayamba kufunda, bass imaswana. Yaimuna imakonza chisa pamalo osaya ndipo imalondera mazira ndi ana. Nthawi imeneyi imaluma nyambo mosavuta chifukwa ikuteteza chisa. Asodzi ambiri a masewero amaibwezera m'madzi akaigwira. Wobwezera nsomba ayenera kunyowetsa manja, kuchotsa mbedza msanga ndi kuiika m'madzi mosamala, osaiponya.

Kusamala moyo

Madzi ambiri a m'zigwa za KwaZulu-Natal ali ndi likodzo, monga momwe ziliri m'malo ena a ku Malawi. Kuima m'madzi nthawi yaitali n'kudziika pachiswe, ndipo woona magazi m'mkodzo apite kuchipatala. M'nyengo ya dzinja kumachita ziphaliwali, ndipo ndodo zambiri zamakono zimakoka mphenzi, choncho mitambo ikada n'kofunika kuchoka pamadzi. Wokwera boti avale jekete yoyandamitsa, ngakhale atakhala katswiri wosambira.

Kunsi kwa mtsinje wa uMngeni, kufupi ndi Springfield, n'kosayenera kuwedzako nsomba zodya. Madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene anapha anthu oposa 400 m'chigawochi, anawononga mapaipi ndi malo oyeretsera madzi a zimbudzi, ndipo zonyansa zinathira mumtsinjewu kwa nthawi yaitali.

Nsomba yosayenera kusamutsidwa

Mfundo yaikulu kwa alangizi ndi alimi ndi iyi: bass yamoyo isachoke m'damu momwe yagwidwa. Malamulo a South Africa a mu 2014 okhudza zamoyo zochokera kunja anaiika m'gulu la zowononga zachilengedwe, ndipo kuisamutsira kumadzi ena popanda chilolezo n'koletsedwa. Chifukwa chake chikuoneka m'mitsinje ya ku Western Cape monga wa Olifants, kumene mitundu ya bass inatha tinsomba tachilengedwe m'zigawo zambiri za mtsinje, moti totsala tikupezeka kumtunda kwa mathithi kumene bass inalephera kukwera.

Munthu wobwerera kumudzi angaganize zotengera mbewu ya nsombayi kudziwe lake poona kukula kwake ndi kukoma kwa mnofu wake. Kumeneko n'kulowetsa fisi m'khola la mbuzi. Bass sidya gaga kapena masamba ngati makumba ndi chilunguni. Imadya ana a nsomba zomwezo. Dziwe likasefukira m'dzinja, imalowa mumtsinje, ndipo palibe angaitulutsemo. Nyanja ya Victoria ndi chitsanzo: nsomba ya Nile perch imene inaikidwamo m'zaka za m'ma 1950 inathandiza kutha kwa mitundu yambiri ya nsomba zachilengedwe. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse, ndipo lamulo la za usodzi la mu 1997 limaletsa kulowetsa nsomba zachilendo m'madzi a dzikolo popanda chilolezo.

Alangizi amene amakumana ndi anthu a Chichewa ku Durban, m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu othandizana pa maliro, ali ndi mwayi wofalitsa uthenga umenewu. Anthu angapo angasonkhe ndalama ya mafuta a galimoto, aliyense akhale ndi chiphaso chake, ndipo abwere ndi ndiwo zochokera m'madzi abwino. Luso la makolo lodziwa mphepo, mtundu wa madzi ndi khalidwe la nsomba ligwira ntchito ku Inanda monga limagwirira ku Malombe. Chofunika n'kusiya ukonde kunyumba, ndipo nsomba ikachoka padamupo ikhale yopita mumphika.