Otsuka Matope Ofiira

Chimene chimandigwira mtima pa ntchito imeneyi n'choti munthu amatsuka matope. Ife timachapa kuti matope achoke, koma iyeyu matopewo ndiwo katundu wake. Amavala magolovesi ofika m'zigongono ndi magalasi otchinga maso, chifukwa akamudonthera amamuwotcha khungu.

Matopewa ndi ofiira psuu ngati katondo. Amatsala akaphika dothi la bauxite mu soda waukali kuti apeze alumina, amene amadzasanduka aluminiyamu wa mapoto athu. Pa tani iliyonse ya alumina pamatsala tani ya matope, mwinanso kuposa. Pa 4 Okutobala 2010 damu losungira matopewa linagumuka ku Ajka m'dziko la Hungary, thope n'kusefukira m'Kolontár ndi m'Devecser. Anthu 10 anamwalira, ena ambiri anapsa.

Ku Gladstone, m'dziko la Australia, matopewa amawathira madzi a m'nyanja yamchere kuti ukali wa soda uzilale. Konko ku Australia, katswiri David McConchie ndi anzake anapanga Bauxsol kuchokera ku matope ozizilitsidwa motere, woyeretsera madzi oipa a m'migodi. Kufiira kuja ndi dzimbiri, ndipo dzimbiri likakumana ndi mtovu, mkuwa kapena arsenic m'madzi, limazigwira zolimba. Ntchito zotsalazo ndi za tsiku ndi tsiku: kuyanika, kupera, kuumba timibulu toika m'sefa, kuyeza madzi polowa ndi potuluka.

Koma mukamamvera anthu a ntchitoyi, nkhani imathera pa ndalama. Wa mu labotale amanyadira kuti m'botolo mwake mtovu watsika, ndipo sanama. Woyang'anira madzi a fakitale amamufunsa mtengo wake, popeza laimu ndi wotchipa ndiponso anamuzolowera. Wa malole amawerengera kuti thope lonyowa n'lolemera, ndiye theka la ulendo akunyamula madzi. Mwini mgodi safuna kulandira zinyalala za mnzake pakhomo pake. Mapeto ake, mwa matani oposa 150 miliyoni amene dziko lonse lapansi limatulutsa pachaka, amene amagwiritsidwanso ntchito ndi ochepa zedi. Ine mtima umandipwetekera wa mu labotale uja, amene amatha zaka akukonza chinthu chogwiradi ntchito, koma chosowa wogula.

Sindiiona nkhaniyi ngati ya kutali. Pamwamba pa phiri la Mulanje pali bauxite, ndipo mitsinje yochokera pamenepo ndiyo imamwetsa midzi ndi minda ya tiyi. Likadzafika tsiku lomuyenga kwathu kuno, tidzawafuna anthu odziwa kutsuka matope.

Chimodzi chimandisowetsabe mtendere. Timibulu tija tikakhuta mtovu, mtovuwo sunathe; wangosamuka. Pamafunikanso munthu wina wotifukula m'sefa, kutilongedza m'migolo ndi kukatikwirira malo oti madzi owawasa a m'mgodi asadzatifike, chifukwa asidi akachuluka mtovu ukhoza kumasukanso. Ameneyu dzina lake silituluka m'malipoti a kafukufuku, koma ndiye amakhala kufupi kwambiri ndi fumbi lake.