Magetsi Oyenda Pansi pa Nthaka

Anzanga, magetsi amene timawerengera madzulo amayenda ulendo wautali. Ambiri amachokera ku mtsinje wa Shire, kumene makina a ku Nkula anayamba ntchito mu 1966. Ena amapangidwa konkuno ku Salima, pakuti mu 2021 anatsegula malo otapa mphamvu ya dzuwa ku Nanjoka, opereka mamegawati 60. Koma kupanga magetsi ndi kwina, kuwafikitsa pakhomo ndi kwinanso.

Ife tinazolowera kuona nthambo ziri lendelende pa mapolo. Tsono polo ali ndi adani ambiri kuno kunyanja. Chiswe chimamudya kunsi mwakachetechete. Mwera ukakalipa, nthambi za mitengo zimakhudza nthambo, mudzi wonse nugona mu mdima. M'chilimwe osaka mbewa amatentha tchire, moto nunyambita mapolo. Ngakhale pusi, monga awo tiwaona m'nkhalango ya Kuti, sadziwa kusiyanitsa polo ndi mtengo. Akagwira nthambo ziwiri, kwake kwatha. Ndipo ndani waiwala namondwe Ana, amene mu Januwale 2022 anaononga damu la Kapichira nagwetsa mapolo ambiri m'chigawo cha kumwera?

Njira ina ndiyo kukwirira nthambozo. Nthambo yotere siikhala yamaliseche ngati ya m'mwamba ai. M'kati muli mkuwa kapena aluminiyamu, pamwamba pake pulasitiki wochindikala woletsa moto kutuluka, kenaka mawaya achitsulo oiteteza. Amakumba ngalande yakuya pafupifupi mita imodzi, nayala mchenga, nagoneka nthambo. Asanamalize kukwirira amayala njerwa ndi lamba wowala mtundu, kuti munthu wokumba chimbudzi adziwe kuti aleke msanga. Mchenga wokha sitingausowe kuno!

Ubwino wake waukulu, monga ndiganiza ine, uli pamene nyumba zathithikana. Nthambo yoduka siigwera pa malata kapena panjira poseweretsa ana. Mphepo siyiipeza. Mitengo ya mango ndi nimu imene amaisadza chifukwa cha nthambo ikhoza kukula ndithu, nitipatsa mthunzi m'mwezi wa Okutobala.

Komabe tisanyengedwe. Kukwirira kumadya ndalama zochuluka kangapo kuposa kuzika mapolo. Polo akagwa aliyense amamuona, koma nthambo ikaonongeka pansi amisiri amayamba afunafuna ndi zida, nakumbanso, ndipo pangapite masiku. Madzi osefukira nawo amakokolola nthaka ndi kulowa molumikizira. M'madambo a mtsinje wa Lilongwe ntchitoyi ingakhale yovuta.

Chotero sindinena kuti a ESCOM akwirire nthambo zonse kuchokera ku Nkula kufika ku Senga Bay. Zazitali ziyende m'mwamba monga kale. Koma kuchokera pa thiransifoma kulowa m'makomo, pachipatala, pamsika ndi pa sukulu zogonera ngati yathu, mtunda wake ngwaufupi, ndipo makamaka pomanga malo atsopano ngalande ikhoza kukumbidwa nyumba zisanaime.