Mafayilo akamachedwa, yang'anani kalaliki

Wowerenga wina wandifunsa chifukwa chimene ntchito yake pa Amazon FSx for Lustre ikukwawira, chonsecho analipira malo ambiri osungira mafayilo. Zimenezi zinkandizunguza mutu inenso poyamba.

Lustre imasunga zinthu pawiri. Zam'kati mwa fayilo zimakhala kwina, pomwe dzina lake, mwini wake ndi malo pamene ili zimalembedwa m'kaundula wapadera wotchedwa metadata. Zili ngati kudepoti ya feteleza: matumba ndi mbwee, onyamula aliponso, koma aliyense ayambe wadutsa patebulo la kalaliki. Munthu mmodzi wodzatenga matumba ambiri pa lisiti limodzi sachedwa. Mzere umatalika kukabwera khamu la anthu ofuna thumba limodzilimodzi. Timafayilo ting'onoting'ono tikachuluka timapanikiza kaundula chimodzimodzi, ndipo kuwonjezera onyamula sikuthandiza.

Kuyambira 2024, pa mtundu wa FSx for Lustre wotchedwa Persistent 2 mukhoza kusiyira Amazon kuti izikulitsa mphamvu ya kaundulayo molingana ndi kukula kwa malo, kapena kusankha mlingo nokha. Ine ndimalangiza kuyamba ndi njira yoyambayo, chifukwa mukakweza mlingo simungautsitsenso, ndipo zowonjezerazo mumalipira. Musanakweze, onani kaye ngati mzere ulidi patebulo la kalaliki.