Galimoto ikakana kulira m'mawa, musathamangire kugula batire

ULONGWE — Pa 4 koloko m'bandakucha, mwezi wa Julayi, m'mudzi wina wa m'mapiri a Tsangano, galimoto ya Toyota Hilux inali pabwalo itasenza madengu a matimati ndi matumba a mbatatesi. Katunduyo anali wa mabanja asanu amene anasonkherana ndalama ya dizilo. Ankafuna kuti dzuwa likamakwera akhale atadutsa pa Mussacama, akafike ku msika wa Kwachena mumzinda wa Tete opikula asanabalalike. Ine ndinali nditapempha malo kumbuyo, pamwamba pa matumba.

Motorista, yemwenso ndi mwini galimotoyo, anapotokola kiyi. Kunangomveka kuti tcha-tcha-tcha, basi. Anabwereza kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi. Anyamata anaitanidwa ndipo anaikankha galimotoyo kutsetsereko mpaka pafupi ndi madimba, koma injini inangotsokomola n'kukhala chete. Mayi wina anali atayamba kale kutchula za anthu ansanje. Mwini galimoto anati batire lafa, ndipo atuma mnyamata pa njinga yamoto akagule lina ku Ulongwe masitolo akatsegula. Aliyense anawerengera mumtima: mtengo wa batire latsopano ukanadya phindu la ulendo wonse, ndiponso matimati sadikira munthu.

Apo ndi pamene anafika bambo wina wachikulire, atafunda bulangete. Bamboyu anaphunzira umakaniko m'galaji ku Dedza m'zaka zija anthu ambiri a kuno anathawira nkhondo ku Malawi, ndipo anabwerera kwawo mtendere wa 1992 utakhazikika. Sanatenge sipanala. Anangoti kwa mwini galimoto: "Mphwanga, tayatsa magetsi akutsogolo. Kiyiyo uyambe wamusiya."

Abale a m'malire muno, kuyambira ku Domwe mpaka ku Zobwe, zimene anachita bamboyu n'zoti aliyense wokhala ndi galimoto, ngakhale kobradolo amene, angathe kuchita popanda chida chilichonse.

Magetsi anayaka, koma mofooka ngati koloboyi. Bamboyo anati tsopano apotokole kiyi magetsi ali chiyakire. Atangotero magetsi anazimiratu. Zimenezi zimatanthauza kuti moto ulipo wochepa, kapena ulipo koma ukukanika kudutsa pamitu ya batire. Magetsi akanakhala owala bwino osaphethira n'komwe, koma injini osatembenuka, tikanadziwa kuti batire lilibe mlandu, vuto lili ku sitata, imene amakaniko athu amati motor de arranque, kapena pa kiyi penipenipo. Ndipo injini ikamatembenuka mwamphamvu koma osalira, batire lisiyeni, kafufuzeni mafuta, mafyuzi, kapena mpweya umene walowa m'mapaipi a dizilo. Muyenera kumvetsera kaye m'mene galimoto ikudandaulira musanaipatse mankhwala.

Kenaka anatsegula boneti n'kugwira mitu iwiri ya batire ija. Mutu umodzi unali wofunda ngakhale kunali chisanu chotere. Pamene pakufunda ndi pamene moto ukuvutika kudutsa. Anaupotokola ndi dzanja chabe, chomangira chake n'kuzungulira ngati chibangili. Pakati pa mutu ndi chomangiracho wina anali atakhomerapo msomali kuti chigwire, ndipo ponseponse panali ufa woyera wobiriwirako, wonga nkhungu ya pa nsima yogona.

Sitata ndi chinthu chadyera kuposa china chilichonse pa galimoto. Wailesi ndi hutala zimakhuta ndi moto wochepa, n'chifukwa chake munthu amati "koma wailesi ikulira, batire lili bwino". Sitata ya injini ya dizilo imafuna ma ampeya mazanamazana nthawi imodzi, ndipo moto wotere sungadutse pa msomali wadzimbiri.

Mankhwala a ufa uja anachokera kukhitchini. Bamboyo anapempha soda wophikira therere ndi madzi ofunda, n'kumasula mawaya, kuyambira wa chizindikiro cha (–), kenaka wa (+). Anatsuka mituyo mosamala kuti madzi a soda asalowe m'kati mwa batire, anaipala ndi mpeni mpaka mtovu unawala, anachotsa msomali, n'kumanganso zolimba, tsopano kuyambira wa (+), wa (–) pomalizira. Dongosolo limeneli si mwambo chabe. Waya wa (–), amene amati masa, ndi wolumikizidwa ku chitsulo chonse cha galimoto. Mukayamba kumasula wa (+) masa ali pomwepo, sipanala ikangokhudza chitsulo imathetheka moto woti n'kukuwotchani dzanja. Anatsatiranso waya wa masayo mpaka pamene wamangidwa ku injini, popeza misewu yathu ya mabampu imamasula nati pamenepo ndipo anthu ambiri sayang'anako. Pamwamba pa mitu anapakapo girisi pang'ono.

Anayesanso. Ulendo uno injini inatembenuka, koma mwaulesi ngati ng'ombe yotopa, osalira.

Bamboyo anafunsa funso limodzi: batireli linagona kuti usiku? Mwini galimoto anaweramitsa mutu. Ana ndi amene anayankha. Batire linagona m'nyumba, likuyendetsa kanema mpaka pakati pa usiku, ndiponso likutchaja mafoni a mudzi wonse.

Ndikhalitsepo pang'ono apa, chifukwa khalidwe limeneli lili m'midzi yambiri kumene mawaya a magetsi sanafike, ndipo ine sindikuimba mlandu munthu wofuna kuunikira nyumba yake kapena kumvera nkhani pa wailesi. Koma batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke moto wambiri kwa masekondi ochepa, kenaka injini ikalira libwezeredwe nthawi yomweyo. Silinapangidwe kuti lizikamidwa pang'onopang'ono usiku wonse mpaka kuuma. Nthawi iliyonse likatheratu, mbale za mtovu za m'kati mwake zimawonongeka ndipo silibwereranso mphamvu zake zonse. Kulichotsachotsa kumakulitsanso zomangira, mpaka munthu kufika pokhomera msomali. Masiku ano timasola tating'ono tikupezeka m'misika ya m'malire, ku Ulongwe ngakhale tsidya lija ku Lizulu. Kasola ndi batire lakelake la m'nyumba n'zotsika mtengo kusiyana ndi kupha batire la galimoto chaka ndi chaka. Komanso tisaiwale kuti m'midzi yambiri galimoto yonyamula mbatatesiyo ndi yomweyo imene imadzutsidwa usiku mayi akayamba kumva kubereka kapena mwana akakomoka ndi malungo. Usiku umenewo batire likhale pansi pa boneti, osati pansi pa kanema.

Chinanso chimene chimapusitsa oyendetsa a kuno ndi nyengo. Msewu wa kuchokera ku Angónia kupita ku Tete ndi wa makilomita oposa 200, ndipo umatsika kuchoka kumapiri ozizira kukafika m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Kutentha kumeneko ndi kumene kumakalambitsa batire: madzi a m'kati amauma msanga ndipo mbale zimadyeka. Koma kotentha injini imalira mosavuta, choncho motorista saona kanthu. Juni ndi Julayi akafika, kuno kumtunda oilo amalimba, injini imalemera, ndiponso batire lozizira limapereka moto wochepa. Batire limadwalira ku Tete, n'kudzagwera ku Tsangano. Ndiye amene batire lake lili ndi zotsekera zotsegula, azisuzumiramo kamodzi pa mwezi. Madzi aziphimba mbale zonse. Akachepa, onjezerani madzi a batire ogula m'botolo, aja amati água destilada. Madzi a pachitsime kapena a pamjigo ali ndi mchere umene umapha batire, ndipo asidi saonjezera, popeza chimene chimauma ndi madzi okha.

Nanga kukankha kuja kunalephereranji? Galimoto ya petulo yakale, ya magiya apamanja, imalira ndithu mukaikankha n'kuiponya m'giya yachiwiri. Koma ya dizilo m'chisanu imafuna mavela aja otenthetsa m'kati mwa injini, ndipo pa pampu ya mafuta pali kachitseko kamene kamatseguka ndi magetsi. Batire likauma zonsezi sizigwira ntchito, mungakankhe mpaka ku Moatize. Za galimoto za otomatiki zimene zachuluka kuchokera ku Japan, musavutitse n'komwe anyamata: sizilira ndi kukankha. Pa zimenezo yambani mwaona ngati ndodo ya giya ili pa P kapena pa N, chifukwa ikakhala pena sitata siyankha ngakhale batire likhale latsopano.

Chotsala chinali kubwereka moto. M'mudzi woyandikana nawo munali lole ya Mitsubishi Canter, ndipo mwini wake anabwera nayo cha m'ma 8 koloko. Mnyamata wina anathamanga ndi mawaya kuti alumikize, bambo uja n'kumugwira mkono. Loleyo ili ndi mabatire awiri olumikizana, opereka mavoti 24, pamene Hilux ndi ya mavoti 12. Kuthira 24 m'galimoto ya 12 n'kuwotcha mababu, mafyuzi ndi zina zodula kuposa batire. Iye anatenga moto pa batire limodzi lokha la loleyo, lole ili yozimitsa. Waya wofiira anaumanga pa (+) ya batire lofooka ndi pa (+) ya batire labwino. Wakuda anaumanga pa (–) ya batire labwino, koma nsonga inayo sanaiike pa batire lofooka ayi, anaimanga pa chitsulo cha injini ya Hilux, patali ndi batire. Chifukwa chake n'chakuti batire limatulutsa mpweya woyaka, ndipo waya womalizira ndi amene amathetheka. Anauzanso mkulu wina amene anali kusuzumira ndi ndudu kukamwa kuti asunthe. Batire likaphulika limamwaza asidi kumaso, ndipo zikatero munthu asambe ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali n'kuthamangira kuchipatala.

Anadikira mphindi zingapo, anayatsa mavela mpaka kanyale kake kanazima, n'kupotokola kiyi. Hilux inalira, utsi wakuda n'kudzaza bwalo. Amayi anaimba nthungululu.

Mwini galimoto, posangalala, anafuna kuzula waya wa batire injini ikulira kuti aone ngati alternador ikutchaja, monga amachitira ambiri. Bamboyo anamuletsa. Njira imeneyo imatha kuwotcha alternador yomweyo, ndipo pa galimoto za masiku ano imapha kompyuta ya injini. N'chimodzimodzi ndi kuliza galimoto ndi batire la mnzako kenaka n'kusinthanitsa injini ili mkati molira, kapena kugunditsa sipanala pamitu iwiri kuti uone ngati pathetheke. Choyenera kuona ndi kanyale kofiira ka chithunzi cha batire kutsogolo kwa motorista. Kaziyaka mukatsegula kiyi, n'kuzima injini ikalira. Kakayaka muli pa ulendo, imani muone lamba woyendetsa alternador, mwina wamasuka kapena waduka. Amene ali ndi kamita koyezera magetsi, kamene shapa iliyonse ingakwanitse kugula, aike pamitu ya batire: lodzaza bwino limaonetsa mavoti 12,6 galimoto itagona, likatsika pansi pa 12 ndiye kuti lauma, ndipo injini ikamalira pazioneka pakati pa 13,8 ndi 14,4. Pakapanda kukwera chotero, ngakhale mugule batire latsopano lidzauma m'masiku ochepa.

Ndinaonanso m'bokosi la mafyuzi la galimoto imeneyi fyuzi ina yokulungidwa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Fyuzi imapsa dala kuti mawaya asapse. Yokulungidwa chotero siipsa, chimene chimapsa ndi galimoto. Bamboyo anangopukusa mutu n'kuuza mwini wake kuti akagule yeniyeni ya nambala yomweyo akafika ku Tete.

Tinanyamuka itadutsa 9 koloko. Motorista sanazimitse injini paliponse m'njira, ngakhale pamene tinaima kugula nthochi. Pa Kwachena tinafika dzuwa litapendeka, opikula ambiri atapita. Mbatatesi zinagulidwa mawa lake pa mtengo wabwino ndithu, koma madengu awiri a matimati a pansi anali ataphwanyika ndi kutentha, ndipo mayi mwini wake anawagulitsa motaya kwa ophika m'misika.

Batire lija silinagulidwe lina. Ndinadutsanso m'mudzimo patapita milungu itatu, ndipo ndinapeza Hilux itaimikidwa pa chitunda, mphuno italoza kumunsi, boneti ili yomanga ndi loko. Ana anandidandaulira kuti kanema anasiya kuonetsa, ndipo bambo awo akuti adikire mbatatesi za m'dimba zikololedwe kuti agule sola.