Kodi Mumadziwa? Zakuda Zotsalira m'Kaliwo wa Chamba

Zakuda zomata zimene zimakakamira m'kaliwo wosutira chamba ndi phula losakanikirana ndi phulusa ndi mwaye. Ena chamba chikawathera amapala phulalo n'kulisutanso, poganiza kuti akupulumutsa ndalama. Kunena zoona, mphamvu yoledzeretsa imakhala itatsala pang'ono, koma zoipa zambiri za utsi zimakhala zitaunjikana momwemo, kuphatikizapo mankhwala ena oyambitsa khansa amene amapezekanso mu utsi wa fodya.

Kaliwo wa madzi nayenso si wabwino monga ambiri amaganizira. Madzi ogonera amaswa mabakiteriya ndi chuku, ndipo chuku cha mtundu wa Aspergillus chimatha kudwalitsa mapapo koopsa kwa munthu amene chitetezo chake cha m'thupi n'chofooka. Ku Queensland, m'dziko la Australia, madokotala anapezapo achinyamata angapo odwala chifuwa chachikulu amene ankapatsirana kaliwo mmodzi wotere.

Kutaya madziwo nthawi iliyonse, kutsuka ndi kuumitsa kaliwoyo kumachepetsa tizilombo, koma sikuyeretsa utsi. Ngati mwakhala mukutsokomola kwa masabata awiri, pitani kuchipatala akakuyezeni makhololo.