Kuodira Eni Nthaka Tisanaphunzitse Zaluso

Pa misonkhano ikuluikulu ya pa yunivesite ya British Columbia, mumzinda wa Vancouver ku Canada, wotsogolera mwambo amayamba wavomereza kuti sukuluyo inamangidwa pa malo a mtundu wa Musqueam, amene eni ake sanawapereke kwa boma. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tingafunse kuti: kodi mawu amenewa akukhudzana bwanji ndi maphunziro a zaluso?

Yankho lili m'mbiri ya dzikolo. Kuyambira mu 1885 mpaka mu 1951, lamulo linaletsa mwambo wa potlatch, umene mitundu ya m'mphepete mwa nyanja ya Pacific inkasonkhana, kuimba ndi kuvina itavala zigoba zosema. Zigoba zina zinalandidwa n'kukaikidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Komanso ana pafupifupi 150,000 a eni nthaka anachotsedwa kwa makolo awo n'kupititsidwa ku sukulu zogonera komweko, zimene boma linkayendetsa pamodzi ndi mipingo. Ana ankalangidwa akalankhula chinenero chawo, ndipo zikwizikwi anafera komweko. Choncho luso la anthuwa silinazilale lokha; linachita kutsekerezedwa, ndipo sukulu zinatengapo mbali.

Mu 2017, pa yunivesiteyi anaimika mzati wotalika mamita 17 wokumbutsa za kuyanjananso, umene anasema mmisiri James Hart. Mzatiwu umafotokoza moyo wa eni nthaka sukuluzo zisanabwere, zili mkati, ndiponso zitatsekedwa. Pakati pake pali chithunzi cha sukulu chokhomedwa misomali yambirimbiri ya mkuwa, yokumbukira ana amene sanabwerere kwawo. Ena mwa amene anaikhoma ndi anthu amene anapulumuka m'sukuluzo. Popeza Hart ndi wa mtundu wa Haida, wa ku zilumba zakutali kumpoto, mzatiwo unaimikidwa mogwirizana ndi a Musqueam. Nayenso anali mlendo, ndipo anayamba waodira.

Komabe, eni nthaka ena amadandaula kuti mawu ovomereza aja savuta kuwatchula, pomwe malowo sanabwezedwe. Dandaulo lawo ndi lomveka. Ulemu weniweni umaoneka pa zinthu zogwirika: amene walembedwa ntchito yophunzitsa, luso limene lalowa m'silabasi, ndiponso ngati mmisiri akutchulidwa dzina ndi kulipidwa.

Mafunso omwewa akutidikira m'kalasi. Tikamadzaphunzitsa nyimbo, gule kapena kuumba mbiya, tidzayambe tafunsa eni ake, ndipo mwana aliyense adzamve luso la kwawo likutchulidwa mwaulemu.